Ndinali Quotation Yachitatu

Anzanga, khalani pansi ndikuuzeni mmene maphunziro anga omwe anandilumira.

Ndinakumana ndi mnyamata wina pa mzere wa ku ofesi yolembetsa, sabata yoyamba ya chaka chachiwiri. Nditaima maola awiri, mayi wa pawindo anandibwezera fomu osandiyang'ana n'komwe.

"Mwalemba ndi inki yabuluu. Timafuna yakuda."

Misozi ili pafupi, wina kumbuyo kwanga anandipatsa cholembera chakuda ndi fomu yatsopano. Anali nawo mafomu asanu m'fayilo, ongoyenda nawo.

"Achemwali, ofesi sitilimbana nayo, timaikonzekera," anatero.

Tonse timaphunzira Public Administration, za kayendetsedwe ka boma ndi mabungwe. Ine ndimalota zodzagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu. Iye ankafuna kudzakhala bwana ku unduna, ndipo anali atayamba kale kuyenda ngati galimoto ya boma ikumudikira panja. M'kalasi ankamutcha Ndondomeko.

Mukudziwa mmene anandifunsirira? Ananditumizira uthenga: "Tikumane Lachinayi 4 koloko pa masitepe a library. Agenda: 1. Moni. 2. Za ine ndi iwe. 3. Zina ndi zina."

Ndinaseka mpaka kupweteka m'nthiti, koma ndinapita. Pa nambala 2 ndinalola.

Ndisaname, anzanga, ndinamukonda. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Tikachezerana, madzulo ake amanditumizira minutes: "Tagwirizana kuti uzidya m'mawa usanalowe m'kalasi. Woyang'anira: ine." Nditadwala, anakandiimira pa mzere kuchipatala kuyambira m'mawa, ine nditakhala pa benchi ngati mkazi wa nduna. Ndinali ndisanasamalidwepo choncho.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe timamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa, sanakhutire naye.

"Iwe, mwamuna wosunga nthawi chonchi ali ndi timetable. Ndipo pa timetable sipakhala phunziro limodzi."

"Nsanje basi," ndinamuyankha.

Chaka chili pakati tinayamba kuphunzira za kagulidwe ka katundu wa boma. Aphunzitsi anafotokoza kuti boma siligula kwa munthu woyamba kukumana naye. Umatenga ma quotation atatu, kutanthauza mitengo yochokera kwa ogulitsa atatu, n'kuwayerekeza, kenako n'kusankha.

"Koma akamberembere amasankhiratu wawo," anatichenjeza. "Awiri enawo amangowaitana kuti fayilo ioneke bwino."

Ndondomeko analemba notsi masamba atatu. Ine ndinali pambali pake, ndikumunyadira kuti mwamuna wanga ndi wakhama.

Tsiku lopereka assignment yathu, iye anali ndi msonkhano wa bungwe la ophunzira. Anandipatsa laptop kuti ndikasindikize. Nditafika kosindikizirako ndinaona fayilo yolembedwa "Evaluation", poyesa kuti ndi yathu ija, ndinangoituma ku printer.

Mayi wosindikiza anaitenga, anaiwerenga, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, mwa atatuwa ndiwe uti?"

Papepalapo panali mizere yokongola ndi maina atatu: la mtsikana wina wa Nursing, la wina woimba kwaya kutchalitchi kwawo, ndi langa. Aliyense ndi malikisi ake.

Ulemu ndinapeza 7. Kusunga nthawi 5. Kuphika 3... chabwino, pamenepo sananame. Kuthandiza assignment 9.

Nditawonkhetsa, ndinapeza kuti ndapambana ndine! Mtima unayamba kubwerera m'malo, taonani kupusa kwanga. Ndinali wokonzeka kumukhululukira chifukwa choti ndinali nambala wani.

Kenako ndinawerenga pansi. "Wosankhidwa: wa kwaya. Chifukwa: mayi anavomereza kale." Deti la chisankhocho linali la mwezi wathunthu tisanakumane pa mzere paja.

"Pepa," anatero mayi aja. "Ndikusindikizire ziwiri? Ina ukampatse wa Nursing."

Ndinakamudikira pa masitepe omwe aja. Anafika pa nthawi yake, ndithu. Ndinamupatsa pepala lija. Analiwerenga, n'kukonza kolala ya shati.

"Chikalata ichi sichinali choti chituluke," anatero.

"Ndiyankhe. Unali utasankha kale?"

"Mayi ndi amene anasankha. Ine ndimafuna ndidzitsimikizire kuti zayenda mwachilungamo, kuti enanso apatsidwa mwayi."

"Nanga ine ndinali chiyani?"

Anayang'ana nsapato zake. "Unapikisana bwino kwambiri."

"Miyezi isanu ndi iwiri, iwe. Mayi anga akukudziwa."

Iye anati, "Ngati sunakhutire, uli ndi ufulu wochita apilo m'masiku khumi ndi anayi."

Ndipo sankaseka ayi, anzanga. Ankaona ngati akundichitira chifundo.

Ndinang'amba pepala mu kope, n'kulemba pomwepo kuti ndikuchoka mu mpikisano ndipo sindidzapikisananso. Ndinasayina, ndinaika deti. Ndinalemba ndi inki yabuluu, dala. Cholembera chake chakuda chija, chomwe ndinachisunga ngati mphete, ndinachiika pamwamba pa kalatayo, n'kumupatsa.

Wailesi sananene kuti "ndinakuuza". Anangotenga pepala lachiwiri lomwe mayi aja anandisindikizira, n'kundiwerengera malikisi aja mokweza ngati zotsatira za mayeso, mpaka ndinaseka ndikulira. Atafika pa mzere womaliza anasiya, n'kupinda pepala.

"Werenga," ndinamuuza.

"Usiye, iwe."

Ndinamulanda. Mzerewo ndinali nditaudumpha chifukwa chothamangira kuwonkhetsa. Wa Nursing anapeza 4, wa kwaya 6.

Mayeso a kagulidwe ka katundu ndinakhoza kuposa kalasi yonse, chifukwa phunziro limenelo ndinaliphunzira ndi thupi langa. Koma mpaka lero ndikamva mawu oti quotation, ndimakumbukira pepala lija.

Mzere womalizawo unali wakuti, "Amakhulupirira zomwe wauzidwa."

Pamenepo pokha ndi pomwe anandipatsa 10.