Ndinkagwadira Ndege

Lemba, Thoko, usaseke. Dzulo amalume ako ananditengera kushedi yosungiramo ndege kuno ku Durban, kumene madala ena akukonza mapiko a ndege yakalekale, mongodzipereka. Eish, matabwa enieni, fungo la guluu ngati kwa kalipentala!

Ndili kamtsikana ku Dedza, anandiuza kuti atate anapita ku Joni pandege. Ndiye ndege ikangolira, ndinkagwada pomwepo n'kuwomba m'manja, kuopa kuti atate angandione wamwano ali m'mwambamo. Tsiku lina ndinagwada pamsika, m'matope. Anthu kuseka! Wina anakuwa, "Mwana wa mtchona akulonjera bambo ake!" Amayi anandikoka mkono, nkhope atabisa m'chitenje, mpaka kunyumba.

Dzulo mdala wina anati, "Gogo, ligwireni phikoli." Ndinabweza dzanja. Atate sanabwererenso, mwanawe. Mudzi wonse unkadziwa kuti sadzabweranso, kupatula ine wogwadira matabwa.