Mpira Sautseka Chubu Ili Kunja

Bambo anga asoka mipira zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa kampando komweko ka miyendo itatu. Anthu a mumsewuwo amangowatcha a Mipira. Zida zawo n'zochepa: zingano ziwiri, ulusi, phula lopaka ulusiwo, pampu yakale ndi chitini cha zigamba. Zigambazo zina ndi zazikulu, za ngodya zisanu ndi imodzi, zina zazing'ono, za ngodya zisanu. Mpira umodzi umadya makumi awiri a zoyambazo ndi khumi ndi ziwiri za zinazo. Mukawafunsa chifukwa chake amayankha osadzutsa mutu: "Zazikuluzi pazokha zimangoyala ngati mphasa. Chimapinda mpira ndi chaching'onochi."

Ine ntchito imeneyi inkandichititsa manyazi, ndisaname. Kusukulu ankandinena kuti mwana wa Chubu, ndipo ndinkalambalala msewu wawo ndikakhala ndi anzanga. Bambo ankadziwa ndithu. Ankangosoka, ine n'kumaphunzira, mpaka ndinalowa ntchito ku labotale.

Ntchito yanga ndi ya mabakiteriya. Ena mwa iwo amamanga tizipinda m'kati mwawo, n'kutsekeramo maenzaimu, mapuloteni amene amagwira ntchito zotulutsa zinthu zoopsa zosafunika kutayikira. Khoma la kachipindako ndi chigoba cha mapuloteni ena amene amalumikizana okha, ambiri a ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo khumi ndi awiri a ngodya zisanu amatseka m'makona. Ine ndinkafuna kutsekeramo enzaimu yosankha ndekha. Zaka ziwiri zathunthu zigoba zinkatuluka zokongola, zotsekeka bwino, koma m'kati mbee! Abwana anatopa nane. Anati ukatha mwezi popanda chooneka, ntchitoyo aitseka, ine ndibwerere kotsuka mabotolo a anzanga.

Loweruka lina ndinawapititsira bambo mankhwala a m'maso, poti ng'ala inali itayamba kuwavuta. Ndinawapeza akusoka mopapasa.

"Mawu akowa si a munthu wokondwa. Kwagwanji, mayi?" anandifunsa.

"Za kuntchito, bambo. Simungazimve."

"Ee, ndife a chubu ife. Komabe tanena."

Ndinafotokoza mothamanga, mwamwano ndithu. Iwo anasiya kusoka.

"Zigamba zonse umaziponya pamodzi?"

"Zimalumikizana zokha."

"Ndiye katundu wakoyo ukufuna alowere pati? Ha, sukulu yonse ija! Unaonapo ine ndikutseka mpira chubu ili kunja?"

Anatola mpira umene anali nawo pamwendo n'kundigwiritsa. Unali wosokedwa kale ndi kutembenuzidwa, koma malo a chigamba chimodzi cha ngodya zisanu anali pululu. Analowetsa chubu pabowopo ndi zala ziwiri, kenako n'kuyamba kutseka ndi msoko wobisika, umene amati unawatengera zaka zitatu kuti audziwe.

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo ayi, koma ndi ine mwini. Njira imeneyi ndinali nditaiwerengapo kwa ena, koma ndinainyoza, n'kumati chigoba chobooka si chigoba. Kuuma mutu basi.

Lolemba ndinayambiranso. Ndinakonza mabakiteriya oti azipanga zigoba zopanda mapuloteni a m'makona aja, ndinathira enzaimu kuti ilowere m'mabowomo, ndipo pamapeto pake ndinawonjezera a ngodya zisanuwo kuti atseke. Kawiri konse zinakanika, poti ndinkafulumira kutseka. Kachitatu, kutatsala masiku anayi kuti mwezi uja uthe, kuyeza kunaonetsa kuti enzaimu ili m'kati ndipo sikutuluka. Abwana anayang'ana pepala la zotsatira nthawi yaitali, n'kungoti, "Pitirizani." Iwo ndiye kuyamika kwawo kumeneko.

Ndinasindikiza chithunzi chachikulu cha zigobazo n'kupita nacho pakhonde paja masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali piringupiringu. Nthawi imeneyi sindinalambalale. Bambo anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachitembenuza chadodolido. Ndipamene ndinadziwa kuti ng'ala ija yafika patali, sakuona kalikonse. Zinandiwawa kwambiri. Zaka zonse zimene maso awo anali akuthwa sindinawaonetsepo ntchito yanga ngakhale kamodzi.

Anasisita pepalalo ndi chala chachikulu, monga amachitira pofufuza ulusi wotuluka.

"Katundu ali m'kati?"

"Ali m'kati, bambo."

"Nanga pamene unatsekera pakuoneka?"

"Sipakuoneka."

Anapinda chithunzicho bwinobwino n'kuchiika m'chitini cha zigamba. Kenako anaitana mwini sitolo, amene ankapima misomali pakhomo.

"Achimwene, mwamuona mwana wangayu? Nayenso ndi wosoka mipira."

Ndinakhala pansi pambali pa kampando kawo n'kuwalowetsera ulusi m'zingano zonse ziwiri.