Mlonda Amene Anakana Kuimirira

Sajeni sanapiteko kuusilikali. Dzinalo tinam'patsa ndife chifukwa cha kaimidwe kake pageti la sitolo ya zipangizo zomangira: msana njo, jombo zili waliwali. Ine ndimamata matayala a njinga tsidya lina la msewu, ndiye zonse ndinaziona ndi maso angawa.

Matenda a shuga anam'peza atakula kale, ndipo mapazi ake anayamba kuchita dzanzi. Msomali wa jombo unatulukira mkati n'kumamudya pansi pa chala chachikulu, mwini wake osamva kanthu. Amene anazitulukira ndi mkazi wake pochapa sokosi, ataona mafinya.

Kuchipatala namwino anatsuka balalo, nachotsa khungu lakufa, namanga. Sanam'bisire mawu: bala la pansi pa phazi silipola munthu akuliponda. Akapitiriza kuima tsiku lonse chala chipita, mwinanso phazi lonse.

Sajeni anabwerera kuntchito atasenza mpando wa kunyumba, phazi lodwalalo lili munsapato yofewa. Anaukhazika pageti, nakhala, mwendo atausanjika pachitini cha penti.

Bwana wa sitolo, woti akhoza kukhala mwana wake, anatuluka.

"Madala, mwatsegula ofesi? Mlonda sakhala pansi."

"Wakuba ndimamuona ndi maso, bwana, osati ndi zidendene."

"Nanga makasitomala aziti chiyani?"

"Aziti moni. Ndiziwayankha."

Onyamula simenti anaseka, bwana nkhope inagwa.

"Imirirani pompano, apo ayi mubweze yunifolomu."

Sajeni anali ndi ana apasukulu ndiponso nyumba ya lendi. Ife tinam'kodola kuti angoima pang'ono, bwana akalowa akhalenso. Sanatiyang'ane n'komwe. Anavula chipewa ndi malaya, nazipinda bwinobwino pamaondo, ali chikhalire.

"Tengani. Yunifolomu mupeza woivala mawa. Ine phazi lina ndikaligula sitolo iti?"

Sindinganame kuti zinamuyendera. Ntchito inathera pomwepo, mwana wamkulu analekeza sukulu, ndipo balalo linatenga nthawi yaitali, uku akumwa mankhwala, uku akupita kukamangitsa. Lero amalondera njinga zamoto kumsika, ndipo zomwe amapeza n'zochepa. M'mawa uliwonse amapisa dzanja munsapato asanavale, n'kuyang'ana kunsi kwa mapazi ndi kagalasi ka mkazi wake.

Koma dzulo anadutsa pano wapansi, zala zonse zilipo. Atafika pageti lija sanacheuke.