Imfa Yolembedwa pa Tsamba la 47

Mayi Mongia Ferchichi anagwira ntchito zaka makumi anayi mu ofesi ya kaundula m'tauni yathu. Analowa ntchito mu 1977 ali mtsikana wa zaka makumi awiri, ndipo chimene chinawalowetsa ndi dzanja lawo. Zilembo zawo zinkakhala zoongoka, zosakwerana, moti ngakhale munthu wa maso ofooka ankaziwerenga osakwinya nkhope. Wobadwa, wokwatira, womwalira, onse ankadutsa pa cholembera chawo. Nanenso tsiku langa lobadwa analemba ndi iwo.

Bambo awo ankagulitsa mafuta a azitona pamsika. Mwamuna wawo, Si Ridha (kwathu kuno Si ndi ngati kunena kuti Bambo), ankayendetsa sitima yonyamula miyala ya ku migodi kupita kudoko, ndipo anamwalira ana awo awiri atakula kale. Mayi Mongia sanali munthu wa macheza ambiri. Ankavala chovala chotuwa, ankadya buledi ndi azitona patebulo lawo lantchito, ndipo maliro a m'tauni sankawaphonya. Anthu ankawalemekeza koma ankawaopanso pang'ono, chifukwa ankadziwa zaka zenizeni za mkazi aliyense.

Makompyuta anafika mu ofesimo mu 2004. Kunabwera atsikana anayi amene anatha miyezi isanu ndi itatu akukopera mabuku onse, tsamba ndi tsamba. Atamaliza, mabukuwo anawasamutsira m'chipinda chakumbuyo. Mayi Mongia anaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri, ndipo sanadandaule. Mu 2017 anapuma ntchito, n'kumakhala okha m'nyumba yawo ya kuseri kwa sukulu.

Katemera wa korona anafika kwathu mu 2021. Ine ndine namwino, ndipo ananditumiza ku holo ya masewera, kumene tinaikako mipando, firiji ndi matebulo atatu. Munthu ankayamba walembetsa pafoni kapena pa intaneti ndi nambala ya chitupa chake. Kompyuta yaikulu ya ku Tunis, likulu la dziko lathu, inkasanja anthu malinga ndi zaka, okalamba patsogolo, n'kutumizira aliyense uthenga wa tsiku ndi malo. Akafika kwa ife, nambala ija inkalowetsedwanso, pamodzi ndi nambala ya botolo limene tamubaya, kuti tsiku la jakisoni wachiwiri lidziwike. Mabotolo nawonso ankatibweretsera potengera mayina amene alembetsa. Woyang'anira makina onsewa anali Si Nizar Guesmi, bambo wadazi amene poyamba ankaphunzitsa makompyuta kusekondale.

Achinyamata ankalembetsa mosavuta. Nkhalamba za kumapiri ndi zimene sizinkaoneka, chifukwa zambiri zinalibe foni. M'mwezi wa Julaye, matenda atafika poipa, ku Tunis anatitumizira mndandanda wa anthu opitirira zaka 75 amene sanalembetse, kuti tiwatsatire ndi galimoto. Panali mayina oposa mazana asanu ndi limodzi, ndipo malo okhala amene analembedwapo anali a zaka makumi atatu zapitazo. Si Nizar anauyang'ana mndandandawo m'mawa wonse, kenaka anavala chipewa n'kupita kukagogoda kwa Mayi Mongia.

Anabwera tsiku lotsatira atanyamula pensulo yawoyawo. Tinawapatsa tebulo pafupi ndi firiji, poti m'pamene panali pozizirako. Ankawerenga dzina, n'kunena zimene akudziwa: awa anasamukira ku Gabès kwa mwana wawo, awa ali kuseri kwa mzikiti wakale koma ndi ogontha, mukagogode mwamphamvu, awa anafera ku Libya ndipo palibe anabwera kudzanena. Si Nizar ankatayipa. Pa masiku awiri okha galimoto inayamba kupita kumalo oyenera.

Pa mndandandawo panali dzina la Mbarka mwana wa Ammar Hamdi, wobadwa mu 1941. Mayi Mongia anati mayiyo anamwalira kalekale, ndipo iwo anali nawo pa maliro ake. Anadabwa pang'ono kuti dzinalo likutani pakati pa amoyo, koma anangochonga n'kupitirira.

Patapita masiku atatu kunafika gogo wina wamfupi, wokhala ndi mphini pachibwano, amene anatsika m'galimoto ya munthu wogulitsa nkhosa. Anamasula kansalu pachifuwa n'kutulutsa chitupa chakale chokulunga m'pulasitiki. Anati anamva pa wailesi kuti a msinkhu wake akubayidwa osadikira uthenga. Si Nizar analowetsa nambala, makina n'kukana. Analowetsanso pang'onopang'ono, makina n'kukananso. Kenaka anatsitsa mawu, n'kumutchula kuti Khalti, mawu aulemu amene timaitanira amayi achikulire kwathu.

"Khalti, pali vuto pang'ono. Pano palembedwa kuti inu munamwalira."

"Ndinamwalira liti?"

"Mu 1996, mwezi wa Epulo."

Gogoyo anawerengera ndi zala. "Ndiye zaka zonsezi mbuzi zanga amakama ndani, mwana wanga? Komanso bwanji sanandiitane ku maliro angawo? Bwenzi nditadyako nyama."

Anthu a pamzere anaseka. Mayi Mongia sanaseke. Anapempha chitupacho, n'kuwerenga dzina: Mbarka mwana wa Ammar Hamdi, 1941.

A Mbarka analipo awiri. Abambo awo anali pachibale ndipo onse anali a Ammar. Atsikanawo anabadwa chaka chimodzi kumapiri, kopanda wolemba tsiku kapena mwezi, ndipo boma litatumiza alembi kumeneko patapita zaka, anawalemba tsiku limodzi, wina pa tsamba la 46, wina la 47. Wa pa 46 anakwatiwa m'tauni n'kumwalira mu 1996. Wa pa 47 anatsala kumapiri. Sanalandirepo penshoni, sanatulukepo m'dziko, sanagonekedwepo m'chipatala, choncho palibe ofesi imene inafunsapo za iye.

Si Nizar anati nkhaniyo ndi yodziwika: atsikana okopera aja anasokoneza masamba, zoterezi wazionapo kambiri. Mayi Mongia ananyamula kachikwama kawo n'kuyenda pa dzuwa mpaka ku ofesi yawo yakale, kumene anapempha kiyi wa chipinda chakumbuyo. Bukulo sanavutike kulipeza. Munthu akamwalira, mlembi ankalemba imfayo m'mphepete mwa tsamba la kubadwa kwake. Pa tsamba la 46 m'mphepete munali mopanda kanthu. Pa tsamba la 47 panali mizere iwiri ya inki yakuda, yoongoka bwino, ndi siginecha yawo pansi.

Anandiuza pambuyo pake kuti anakhala m'chipindamo pafupifupi ola lathunthu akuyesa kukumbukira tsiku limenelo. Ankafuna apeze chifukwa, kaya mwana ankadwala, kaya mu ofesi munali anthu ambiri. Sanapeze chilichonse. Linali tsiku ngati masiku ena onse.

Atabwerera ku holo, anauza Si Nizar zimene anaona. Iye anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti mu lipoti angathe kungolemba kuti panalakwika pokopera, palibe angafufuze, ndipo dzina la munthu amene anagwira ntchito zaka makumi anayi lisadetsedwe chifukwa cha tsamba limodzi.

"Ana ajawo anakopera zimene anapeza, Si Nizar," anatero Mayi Mongia. "Lembani dzina langa. Musaiwale kuti Ferchichi ali ndi ch awiri."

Kenaka anapita pamene gogo uja anakhala akudya zipatso za kanjedza, n'kumuuza okha kuti amene analemba imfayo ndi iwo. Gogo Mbarka anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe mwana wa wogulitsa mafuta uja? Bambo ako ankayeza bwino. Nanga iwe ndinakulakwira chiyani?"

"Simunandilakwire, Khalti. Ndinalakwitsa tsamba."

"Chabwino. Poti unandipha ndiwe, undidzutsenso ndiwe."

Tsiku limenelo sitinathe kumubaya. Jakisoni wopanda dzina m'makina akanasiya botolo losafotokozeka, ndipo gogoyo sakanaitanidwa kachiwiri kapena kulandira chikalata chake. Si Nizar anajambula chitupacho, anajambulanso gogoyo atachigwira pansi pa chibwano, ndi tsamba la 47 lomwe, n'kutumiza zonse kwa anthu a makina ku Tunis. Iwo anayankha kuti adzapanga nambala yongogwirizira, koma tidikire masiku angapo. Apa n'kuti wogulitsa nkhosa uja atabwerera kale kumapiri. Mayi Mongia anamutenga gogoyo kupita naye kwawo.

Anakhala limodzi masiku asanu ndi limodzi. Oyandikana nawo amati nyumbayo inali isanakhalepo ndi phokoso lotero. Gogo Mbarka anakana kugona pabedi, anati buledi wa m'tauni ndi mphepo yokhayokha, ndipo tsiku lachiwiri anakanda wake pa chiwaya. Aliyense wodutsa pakhomo gogoyo ankamuitana kuti: bwerani mudzaone munthu amene anandipha. Mayi Mongia ankangothira tiyi. M'mawa uliwonse ankabwerabe ku holo kudzapitiriza mndandanda, koma tsopano dzina lililonse limene akuti mwini wake anamwalira ankapempha kuti litsimikizidwe kaye ndi achibale.

Nambala itafika, ndinamubaya ndine. Anafunsa ngati basi n'zomwezo, n'kunena kuti minga ya kwawo imabaya kuposa pamenepo. Poti analibe foni, Si Nizar analowetsa nambala ya Mayi Mongia. Uthenga wa jakisoni wachiwiri utabwera, Mayi Mongia anakwera galimoto yathu, ulendo wa maola awiri mumsewu wa miyala, kukamutenga. Ulendo womwewo tinabayanso nkhalamba zina khumi ndi zinayi za m'mudzimo zimene gogoyo anazisonkhanitsa pansi pa mtengo, ataziuza kuti ngati wakufa sanaope, amoyo aopa chiyani.

Kukonza kaundula weniweniyo kunafunika khoti, ndipo kunatenga mpaka Malichi chaka chotsatira. Mayi Mongia anaima pamaso pa woweruza, mayi wachitsikana amene kubadwa kwake analembanso iwo, n'kuvomera kuti dzanjalo ndi lawo. Panalibe chilango. Woweruza analamula kuti imfayo ifufutidwe pa tsamba la 47 n'kulembedwa pa 46, ndipo mlandu wonse sunakwane mphindi khumi ndi zisanu. Patatha sabata, Si Nizar analowetsa nambala ya chitupa chija, makina n'kuvomera. Anasindikiza chikalata cha katemera n'kuchitumiza kumapiri, ngakhale nthawi imeneyo n'kuti palibenso amene ankafunsa zikalatazo.

Holo inabwerera kwa osewera mpira, Si Nizar anabwerera kusukulu, ine kuchipatala. Mayi Mongia anapempha chilolezo choti azilowa m'chipinda chakumbuyo chija masiku awiri pa sabata. Anawerenga chilichonse chimene analembapo m'mphepete mwa masamba kuyambira 1977, akumayerekeza ndi mabuku a imfa ndi a maukwati. Ntchitoyo inawatengera chaka ndi miyezi iwiri, ndipo anasintha magalasi kamodzi. Anapeza zolakwa zina ziwiri. China chinali chaka cha ukwati wa anthu amene onse anamwalira kale. China chinali chilembo chimodzi chosowa m'dzina la bambo wina wokonza matayala pafupi ndi msika.

Anapita kukamuuza. Bamboyo anamvetsera akupukuta manja ndi chiguduli, kenaka anafunsa ngati kukonzako kukufunika kupita kukhoti. Atamva kuti inde, anati dzinalo wakhala nalo zaka makumi atatu ndi zisanu, ana ake kusukulu amalemba lomwelo, ndiye alisiye choncho. Anawakokera mpando, n'kutuma mkazi wake kuti abweretse khofi.