Chingwe Chimene Nsomba Siziona

Amuna anga anali ndi nthenda ya mbedza. Loweruka likafika ankanyamuka ku Kabwata kupita kudamu la pafamu ina kupitirira Chelstone, kukawedza nsomba zazikulu kukamwa zimene amazitcha basi. Ndinkawaseka kuti mkazi mnzanga ndi damu, iwo osakana.

Tsiku lina anabwera kuchokera m'tauni ndi chingwe chatsopano cha mbedza, ati fulorokaboni. Wogulitsa anawauza kuti chikalowa m'madzi nsomba sizichiona. Koma iwo sankakhulupirira za m'kamwa mwa munthu. Anatenga beseni langa lochapira, nadzazamo madzi, nagonekamo chingwe chatsopanocho pambali pa chakale chobiriwira. Anawerama nthawi yaitali.

"Amake mwana, bwelani muone. Ananigonga uja muntu, ananinamiza! Vonse viwili sivioneka, nichimozimozi chabe."

Ndinasuzumira. Chatsopanocho chinalidi chitasowa, koma chakalecho chinali pomwepo, chili biriwiri. Ndinafuna kuwaseka, koma ndinadziletsa. Ndinakumbukira tiyi amene ankathira pambali pa kapu, ndi Baibulo limene anasiya kutsegula, ati zilembo zamasiku ano n'zazing'ono.

Kuchipatala anati shuga wadya maso, ndipo tachedwa. Ndinkalirira kubafa, mpopi uli wotsegula kuti asamve. Ndodo yophera nsomba inagona kuseri kwa wodilopu mpaka dzinja linatha.

Kenako mlamu wanga, mng'ono wawo, anatitengera kudamu pagalimoto yake. Amuna anga anamanga mbedza mopapasa, nanyowetsa mfundo ndi malovu asanaikoke, poti chingwe chimenechi ukachimanga chouma chimaduka. Anaponya, nachigoneka pachala.

"Ichi chingwe chikamba," anatero. "Nsomba ikagunda chabe, nimvela."

Sananame. Dzuwa lisanafike pamutu ndodo inapindika, ndipo anaikoka okha nsombayo, kukana kuthandizidwa. Anaigwira pamlomo, naisisita kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Niuzeni, amake mwana. Uja muzele wakuda wapambali ulipo?"

"Ulipo, atate. Niyabwino maningi."

Anaibweza m'madzi monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa chimene ankakonda kwambiri chinali kuiona ikupita. Nsombayo inakhotera kumanzere, nilowa pansi. Iwo anatsala akumwetulira, nkhope atalozetsa kumanja, kumabango.

"Yayenda bwino?"

"Yayenda bwino," ndinayankha.

Mtima unandisweka pomwepo. Ndinaima pambali pawo, nanenso ndikuyang'ana kumabangoko.