Nyimbo ya amuna anga pamsika wa Linthipe

Amuna anga ankaimba gitala m'bandi. Miyezi yambiri anali mlimi wa kachewere kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, koma tikatha kukolola ankakweza magitala amagetsi ndi ng'oma palole pamodzi ndi anzawo, n'kumazungulira m'misika ndi m'maholo a m'mbali mwa msewu waukulu. Kaimbidwe kawo kanali kaphokoso, kotengera zimene ankamva pawailesi ya ku Zambia, koma mawu anali athu omwe.

Ankayeserera m'kanyumba kosungiramo feteleza kuseri kwathu, ine ndikumva zonse uku ndikutonola chimanga. Ulendo ukayandikira, amuna anga ankandiuza kuti ndilosere nyimbo zimene zidzafike chaka chamawa ndi zimene zidzafere m'njira. Sindinkaphonyaphonya. Ndinkangomvetsera atsikana popita kunkhuni: imene atola pakamwa, imeneyo ndiyo inkakhalitsa. Mkulu wa bandiyo, amene anali mboni pa ukwati wathu kutchalitchi, ankaseka n'kumati alamu ake ndine sing'anga wa bandi.

Nyimbo imene ndinkaidalira kwambiri amuna anga anaipeka chaka chimene mwana wathu woyamba anamwalira ndi chikuku. Inkanena za bambo wobereka mwana wodwala kumsana, chifunga chitaphimba phiri, akudikira galimoto losabwera. Inali yachisoni koma yovinika, ndipo kulikonse anthu ankaiitanitsa kawiri.

Wina anakauza akuluakulu a chipani kuti galimoto losabweralo ndi boma. Amuna anga anadzawatenga masana ali m'munda, khasu linatsala pamzere. Anzawo a m'bandi sanakhudzidwe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandizonda. Ndinkawakhululukira, poti masiku amenewo ngakhale abale ankalambalala khomo la munthu womangidwa.

Chilimwe chotsatira tinamva kuti bandi idzaimba ku Linthipe tsiku la msika. Apongozi anga anandiletsa, amvekere ndikungokadzipweteka mtima, anyamatawo sangayerekeze kuimba chilichonse chimene amuna anga anapeka. Ndinawayankha kuti zina zonse angazitaye, koma ya galimoto ija ayi. Mumtima ndinkaganiza kuti akangoliza magitala okha, opanda mawu, ndidzadziwa kuti akumukumbukira mnzawo.

Tsikulo ndinabereka kumsana mwana wathu wakhanda, n'kutsika phiri. Polowera pamsika anyamata a chipani ankaona makhadi a umembala, ine ndinaonetsa langa. Bandi inaima pamwamba pa lole, pafupi ndi ogulitsa kabichi. Pamalo pa amuna anga panali mnyamata wachilendo, atanyamula gitala wawo. Ndinamuzindikira gitalayo ndi waya amene anamangira pomwe anang'aluka.

Anaimba zatsopano zokhazokha, anthu akungogwedezeka mwaulesi. Kenaka gitala anayamba kulira momwe ndinkadziwira. Mkulu wa bandi anakweza dzanja, n'kulengeza kuti nyimbo imeneyi anaipeka yekha pothokoza atsogoleri athu chifukwa cha chitukuko. M'nyimbomo mwana wodwala uja munalibenso. Chifunga chinali chitachoka, galimoto linali litafika, litadzaza mankhwala ndi feteleza. Msika wonse unavina. Pakati pa ovinawo ndinaona amayi ena a kumudzi kwathu, omwe anagona nane pa maliro a mwana wanga.

Atatha kuimba ndinawapeza mkulu wa bandi kuseri kwa lole akupukuta thukuta. Atandiona anayang'ana uku ndi uku asanandipatse moni.

"Alamu, mwabwera?"

"Ndabwera. Nyimbo ija ndi ya mwana wanga."

"Tikanaisiya, akanati tikubisa kanthu. Tikanaiimba mmene inalili, tonse tikanapita komwe kuli anzathu. Inunso mukudziwa kuti anthu sangatilole kutsika popanda imeneyi."

Ndinawapempha kuti andipatseko gitalayo ndikasunge. Anati ndi katundu wa bandi. Sanafunse kuti amuna anga ali kundende iti, kapena ngati ali moyo. Anatulutsa botolo la zoziziritsa kukhosi kuti ndimwere panjira, ine ndinalisiya pa tayala la lole.

Patapita nthawi, mkazi wa woimba ng'oma anandinong'oneza kuchigayo kuti tsiku limene a chipani anaitana bandi kukafunsa tanthauzo la mawu aja, amene anamasulira anali mkuluyo. Sindikudziwa ngati n'zoona. Sindinafunse wina aliyense.

Amuna anga anatuluka patatha zaka, miyendo itatupa, osalankhula zambiri. Za ku Linthipe ndinawabisira. Anadzimvera okha tsiku lina ku Chimbiya, titapita kukagulitsa kachewere, nyimboyo ikulira pawailesi ya m'golosale. Anatula thumba pansi n'kuima mpaka inatha. Ndinkadikira kuti atukwane, koma anangoti mnyamata wa gitalayo akuthamanga kwambiri chapakati. Sanagwirenso gitala moyo wawo wonse.

Mkulu wa bandi atamwalira, uthenga unafika m'mawa tikudya. Amuna anga anavala jekete, n'kunena kuti munthuyo anali mboni yathu, sitingalephere kupita kumaliro. Anapita okha, akutsimphina ndi ndodo. Ine ndinatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo ndinabwerako dzuwa litapendeka.