Galimoto ya Malemu Ackson

Ku Kwacha, mu Kitwe, amakanika ndi mbwee, koma ukafunsa kwa Festus Njobvu aliyense akulozera nyumba ya mtengo wa kotapela, pamene dothi linada bii ndi oyilo. Festus anachoka ku Katete ndevu zisanamere, n'kugwira ntchito mu wekishopu ya kumgodi zaka zoposa makumi awiri, mpaka tsiku lomwe anamuuza kuti ntchito yachepa. Anatulukako ndi msana wopweteka, bokosi la masipanala, ndi makhalidwe amene anzake ankati ndi matenda. Bawuti sankalimenya ndi hamala ngakhale litakakamira chotani. Ndipo chiwongolero cha munthu sankachikhudza ndi manja a girisi, olo mumukalipire.

Mng'ono wake Ackson atamwalira, anasiya mkazi, Salome, ana atatu, ndi kagalimoto kabuluu komwe kilachi yake inapsa kalekale. Kanakhala pabwalo chaka chathunthu, udzu n'kumera kunsi, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Pa msonkhano wa banja panafunika munthu woyang'anira katundu wa malemu ndi kusunga mapepala. Maso onse anali pa Festus ngati wamkulu, koma iye ndi mapepala sankamwerana madzi. Analoza yekha chitsiriza wawo, Masauso, wa mu ofesi ku Ndola, kuti ndiye wa sukulu. Masauso analandira buku la galimoto, n'kumenya tayala lakuphwa ndi nsapato.

"Ichi chisikirapu mulamu asunge chabe," anatero akuseka.

Salome ankagulitsa tomato pamsika. Ankakapikula kumafamu, ndipo tsiku lililonse inali nkhondo ndi makondakitala a minibasi okana mabokosi ake. Festus atamuona tsiku lina atasiyidwa pa siteji, tomato ataphwanyikira m'fumbi, mtima unamuwawa. Kuyendetsa Salome ankadziwa, anamuphunzitsa mwamuna wake. Chosowa chinali galimoto yoyenda basi.

"Mulamu, motoka ija nizaiutsa," anamuuza.

"Alamu, mukachita izo ndiye kuti mwalela bana ba mufana wanu," anayankha Salome, misozi ili lengelenge.

Anaikokera pansi pa kotapela. Atatsitsa giyabokosi anapeza kilachi itadyeka mpaka pa zitsulo, ndipo fulaiwilo, chimbale cholemera chija cha kumbuyo kwa injini chomwe kilachi imagwirapo, inali itang'aluka ndi kutentha. Anafunafuna ina mu Kitwe monse, osaipeza. Ndiye Loweruka lina Masauso anatulukira atainyamula m'thumba la ufa, yabwinobwino, akuti waipeza ku Ndola. Anavula shati ya mu ofesi, n'kugona pa saka kunsi kwa galimoto pambali pa mkulu wake. Festus anakondwa kwambiri. Chikhalire anali asanaonepo Masauso atadetsa manja.

Ntchito ya Masauso inali kukanikiza chitsulo m'mano a fulaiwilo kuti isazungulire. Festus ankamanga mabawuti asanu ndi limodzi, onse atsopano, osati motsatana, koma ili, kenako loyang'anana nalo, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Ulendo womaliza anatenga sipanala yake yoyeza mphamvu, imene imalira kuti "tche" bawuti likafika pa mlingo wake.

"Akulu, simungaikeko paipi pa sipanala mwakoka kamodzi chabe? Ba mechanic bonse bachita so."

"Paipi ni ya manzi, iwe. Ukamanga mbali imodzi mbale ipendama, motoka izayamba kunjenjemela monga ili na malaria. Gwila bwino."

Loweruka lotsatira, dzuwa litangopendeka, giyabokosi inabwerera m'malo ndipo injini inalira. Salome analuluta mpaka anansi anasuzumira pa mpanda. Festus anayang'ana manja ake, akuda mpaka m'zigongono, n'kuyang'ana chiwongolero chomwe Salome anali atachipukuta m'mawa uja. Anapempha madzi ndi sopo.

"Sambani bwino, akulu," anatero Masauso, yemwe anabweranso tsikulo ndipo anali atavala kale shati yake. "Lekani niyeseko. Ma five minutes chabe, nizungulukile ku Riverside."

Galimoto inatuluka pa geti myaa. Festus, manja ali m'beseni, anatchera khutu: giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, popanda kukukuta. Anamwetulira.

Mphindi zisanu zinasanduka ola, ola n'kubala linzake. Foni ya Masauso inali yozima. Ndipo taonani kupusa kwa munthu wolungama: Festus sanakayikire m'bale wake, anakayikira mabawuti ake. Anayenda wapansi mpaka ku Riverside, maso ali pa phula kufuna madontho a oyilo, akudzifunsa ngati bawuti lina linamudumpha. Ankaopa kuti wapha mng'ono wake wachiwiri ndi manja ake.

Lolemba anakwera basi ya ku Ndola. Sanavutike n'kufunsa. Pa msika wa Masala, pa mzere wa mataki, kagalimoto kabuluu kanali pomwepo, katatsukidwa waliwali, munthu wachilendo atakhala pa chiwongolero akudya chinangwa chootcha. Festus anakamupeza Masauso ku ofesi, ndipo mng'ono wakeyo sanachite ndi manyazi omwe.

"Akulu, pa mapepala ndine niyang'anila katundu. Si ndimwe munanisankha? Mulamu akali mwana, mawa azakwatiwa, motoka ya Ackson iyende kwa mwamuna wina. Awe, ikhale mu banja."

"Unakamba kuti ni sikirapu."

"Inali sikirapu. Manje ni motoka." Anakonza taye yake. "Koma kilachi mwamanga bwino sana, driver akuyamikilani."

Festus anamva ngati amuvula pakati pa msika. Anakumbukira m'bale wake atagona pa saka, akumugwirira chitsulo, akumufunsa ngati ntchito itha Loweruka lino. Iye ankayesa chikondi, pamene mnzake ankangodikira kuti chakudya chipse. Anafuna kumumenya, koma manja aja anali asanamenyepo ngakhale bawuti. Anatuluka osatsanzika.

Festus anakamupeza Salome pamsika akusanja tomato m'timilu. Anafotokoza zonse, osabisa kalikonse, n'kulonjeza kuti apita kukhoti, aitana akuluakulu a ku Katete, achita chilichonse. Salome anamvetsera osadzutsa mutu.

"Chaka chonse motoka inali pa nyumba panga, kulibe anaifuna," anatero potsiriza. "Bana bakakumbukila batate bawo benze kunkhalamo. Munaichotsa ndimwe, munaikonza ndimwe, mufana wanu Masauso anabweletsa chitsulo. Niuzeni chabe chimodzi. Munaziba?"

"Mulungu aona, mulamu, sininazibe."

Salome anatembenukira kwa mayi wina wofuna tomato.

Mlandu ukadali kukhoti, umangosunthidwa masiku. Festus amakonzabe magalimoto pansi pa kotapela, ndipo ana a Ackson akadwala ndiye amathamanga nawo kuchipatala. Salome amamulandira mwaulemu, amamupatsa mpando, amathokoza. Koma kuyambira tsiku lija sanamuitanenso kuti alamu. Amangoti Bambo Njobvu.